Mankhwala Apeza Kakhomo Kolowera mu Ubongo

Tonse tidziwa cifukwa cake timamanga mpanda pa dimba. Ubongo wathu nawonso uli ndi mpanda wake. Makoma a timitsempha ta magazi ta m'menemo ndi othinana kwambiri, kotero kuti zoipa za m'magazi sizidutsa. Tsoka lake, mpanda womwewo umatsekerezanso mankhwala ambiri a khansa. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene cotupa cochedwa glioblastoma civutira: ngakhale atacitidwa opaleshoni ndi kulandira cithandizo conse, pafupifupi theka la odwala sapitirira miyezi 15.

Tsopano madokotala ali kuyesa kutsegula kakhomo pa mpandawu. Amabaya mu mtsempha timathovu ta mpweya tosaoneka ndi maso. Kenaka amalozetsa pa cotupa mafunde a ultrasound, acibale a aja ounikira amai apakati. Mafundewo akagunda timathovu, timatupa ndi kuphwa mofulumira, n'kumakankha khoma la mtsempha mpaka mpata utseguka pamalo pomwepo pokha. Pasanathe tsiku, mpatawo utsekeka wokha.

Kullervo Hynynen anaonetsa zimenezi pa akalulu mu 2001. Mu 2015, pa cipatala ca Sunnybrook ku Toronto, iye ndi Dr Todd Mainprize anazicita pa munthu koyamba popanda kung'amba mutu.

Nanga mankhwala? Ena amawamanga m'timibulu tochedwa nanoparticles, tocepa kwakuti mazana angapo atandandalikidwa ndiye afika pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mu 2023, gulu la Dr Adam Sonabend la ku Northwestern University ku Chicago linalengeza zotsatira za odwala 17 amene anaikidwa kacipangizo ka ultrasound m'cigaza. Timibulu ta paclitaxel titabayidwa, mankhwalawo anaculuka mu ubongo pafupifupi kanai pamalo amene mafunde anafika.

Komabe abale, kufikitsa mankhwala si kucilitsa. Njirayi ikali pa kuyesedwa, ndipo munthu akabwera m'mudzi kudzagulitsa botolo nati muli timibulu tocilitsa cotupa ca m'mutu, tisampatse ndalama zathu za cimanga.

Cimene cili m'manja mwathu ndi kufulumira. Mutu wosaleka umene ukula m'mawa, kusanza, kufooka mbali imodzi ya thupi, kapena kugwa khunyu munthu atakula kale, zisatidikiritse mpaka tikolole. Tipite ku kiliniki, kumene angatitumize ku zipatala zazikulu, monga Cancer Diseases Hospital ya ku Lusaka imene inatsegulidwa mu 2007.