Kodi mumadziwa? Msewu wa pakhomo pathu ndi kumene umathera

Kodi mumadziwa kuti munthu wa ku Palabana akafuna kuuyenda wonse msewu wa Great East Road, kuchokera kumutu mpaka kumchira, ayenera kuyamba wabwerera m'mbuyo? Msewuwu umayambira m'tauni, pa Kabwe Roundabout, kumene Cairo Road imathera. Kuchoka pamenepo kukaima pa Mwami, m'malire ndi Malawi, galimoto imadya makilomita pafupifupi 600.

Ambirife timangoudziwa kachidutswa: kukagulitsa mkaka ku Lusaka, kukaona abale pa Chongwe, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Nanga mukudziwa kuti kuchoka m'tauni kufika pa Chongwe ndi makilomita ngati 45 okha? Mukagawa msewu wonsewo patatu n'kugawanso chigawo chilichonse panayi, ife timayenda kagawo kamodzi mwa 12.

Palabana ndi kwawo kwa ng'ombe, pajatu kuli sukulu yophunzitsa ulimi wa mkaka, ndipo kuli ngakhale chida chophwanyira nthaka yolimba, chokokedwa ndi ng'ombe, chimene chinatenga dzina la Palabana. Ndiye tiyerekeze mwamanga ng'ombe ziwiri pagoli, ngolo ikuyenda makilomita 3 pa ola, maola 6 pa tsiku. Ku Chipata mungakafike patatha masiku 32, mwezi wathunthu ndi kanyenyeswa.

Wapansi akhoza kuiposa ngoloyo. Munthu wamphamvu zake woyenda makilomita 30 pa tsiku, makilomita 570 a pakati pa Lusaka ndi Chipata angawamalize m'masiku 19.

Nanga tayala? Tayala la galimoto yaing'ono likazungulira kamodzi limakhala layenda mamita ngati 2. Ndiye kuti pofika ku Chipata, tayala lililonse lazungulira ka 285,000, ndipo mwiniwake sanalithokoze n'kamodzi komwe.

Mafuta ake ndi osaopsa monga mmene anthu amaganizira. Galimoto yomwa malita 8 pa makilomita 100 imafuna malita ngati 46 paulendo wonsewo. Zigubu ziwiri zotungira madzi zija, za malita 20, ndi kabotolo koonjezera.

Tiyeni tinyamuke. Musanatuluke n'komwe mu Lusaka mwadutsa kale Manda Hill, yunivesite ya UNZA ndi mphambano yopita kubwalo la ndege la Kenneth Kaunda. M'mawa magalimoto akathithikana, kachigawo kameneka kokha kangakudyereni nthawi yokwanira kuyenda makilomita 80 kutchire.

Kodi mumadziwa kuti nkhondo ya ku Zimbabwe inafika pa Chongwe? Mu November 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa milatho ingapo m'Zambia pofuna kudula njira za katundu, ndipo wa pa mtsinje wa Chongwe unali umodzi mwa iyo. Zimbabwe inalandira ufulu wake patangopita miyezi 5.

Mukapitirira Rufunsa, msewu umayamba kuvina. Pa Manenekela makona amatsatana ngati mikanda, mbali ina phiri, mbali ina phompho, ndipo fungo la mabuleki a mathiraki limalowa mpaka m'galimoto yotseka mawindo. Apa ngakhale kondakitala wolongolola uja amakhala chete ngati ali m'tchalitchi.

Makutu akatsekeka musadabwe, mukutsika. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene chigwa cha Luangwa, pa mlatho wa mtsinjewo, sichifika mamita 500. Munanyamuka mutavala juzi, pano mukufuna madzi ozizira, zonsezi m'maola 3.

Mlatho wa Luangwa umenewu ndi wokoleka pa zingwe zachitsulo, ndipo unatsegulidwa mu 1968. Pakati pa nsanja zake ziwiri palibe mzati ngakhale umodzi woima m'madzi. Mpata umenewo ndi mamita 222, kuposa mabwalo awiri a mpira mutawalumikiza.

Pamsika wa pafupi ndi mlathowo ndi pamene ulendo umakomera. Nsomba zouma zili mulumulu pamathandala, madengu ndi zipewa zamlaza zili lendelende, amayi akuthamangira basi isanaime n'komwe. Ndinaonapo bambo wina akutsika kuti angowongola miyendo, n'kubwerera atanyamula madengu 4 opanda poika.

Mlathowu ndiwonso malire a zigawo: kumbuyo kwanu ndi Lusaka Province, kutsogolo ndi Eastern Province. Mukayang'ana kumunsi kwa mtsinje, tsidya lakum'mawa posachedwa limakhala Mozambique. Msewu wautali chonsecho umadutsa m'zigawo 2 zokha mwa zigawo 10 za Zambia.

Ndipo mtsinje womwewo ukapita kukathira mu Zambezi, pali Zumbo. Chakumeneko ndi kumene Angoni a Zwangendaba anawolokera Zambezi, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa masana. Chinali chaka cha 1835, mlatho wa zingwe uja usanabwere ndi zaka 133.

Tcherani khutu paliponse pamene mwaima kugula nthochi kapena chimanga chootcha. Ku Chongwe mumva Chisoli, ku Nyimba ndi Petauke Chinsenga, ku Katete Chichewa, pofika ku Chipata muli kwa Angoni a Mpezeni. Msewu umodzi, tsiku limodzi, mitundu 4, ndipo Chinyanja chimakugulirani nthochi kwa onsewo.

Nthochi za pa Nyimba ndiye musazidutse. Munthu wochokera kum'mawa akafika ku Lusaka wopanda phava m'manja, apakhomo amayamba kukayika ngati anapitadi.

Kodi mumadziwa kuti miyambo iwiri ikuluikulu ili m'mbali mwa msewu womwewu? Nc'wala ya Angoni imachitikira ku Mtenguleni kumapeto kwa February, Kulamba ya Achewa ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, kumapeto kwa August. Pa Kulamba pamasonkhana mafumu ndi Gule Wamkulu wochokera m'maiko 3.

Pa Katete pali mphambano yonyenga. Mukakhotera kumanja, kumwera, mukupita ku Chanida, ndipo kutsidya kwake ndi njira ya ku Tete. Kuphonya pang'ono chabe, pasanathe ola mupezeka mukupatsidwa moni m'Chipwitikizi.

Chipata kale inkatchedwa Fort Jameson, dzina la Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes. Mchinji, tsidya linalo, inali Fort Manning. Ndipo Fort Jameson inali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, koma Lusaka inadzakhala likulu la dziko lonse mu 1935.

Pa Mwami ndi pamene Great East Road imathera, koma phula silithera pomwepo. Kuyambira December 2022 maofesi a malire a Zambia ndi Malawi anaphatikizidwa, mwakuti woyenda amaima malo amodzi m'malo mwa awiri. Kuchoka apo kukafika ku Lilongwe ndi makilomita ongopitirira 100, ndipo wotchi yanu simuikhudza.

Ku Lilongwe mukumana ndi msewu wina woyenera kuuyesa: M1, msana wa Malawi. Umachokera ku Songwe, m'malire ndi Tanzania, kudzera ku Karonga, Mzuzu, Kasungu, Lilongwe, Blantyre, Chikwawa, mpaka ku Marka m'boma la Nsanje. Ndi makilomita opitirira 1,000, pafupifupi Great East Road iwiri.

Chosangalatsa pa M1 chili pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Pa Lizulu msewuwo ndiwo malire: mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique. Mukhoza kugula mbatatesi m'dziko lina, tomato m'dziko lina, mutangoyenda mapazi 10.

M1 imaseweranso ndi thupi la munthu. Ku Dedza, pamtunda wa mamita ngati 1,600, mu June mano amagundana. Ku Nsanje, kosafika mamita 100, thukuta limatuluka munthu ali chikhalire. Dziko limodzi, msewu umodzi, zovala za nyengo 2.

Koma akatswiri enieni omaliza misewu ndi abale athu a ku Joni. Basi yochoka ku Blantyre imadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge isanaone magetsi a Johannesburg. Maiko 4, malire 3, makilomita oposa 1,700, munthu atapanikizika pakati pa thumba la ufa ndi katoni ya usipa.

Ndipo wopitirira mpaka ku Cape Town amaumaliza wonse msewu wa N1 wa ku South Africa mosadziwa kuti wachita chinthu chachikulu. Kuchokera pa Beitbridge mpaka kunyanja ndi makilomita oposa 1,900. Ndi Great East Road yathu katatu.

Bwererani ku Kabwe Roundabout kuja, koma ulendo uno muloze kumpoto. Great North Road imadutsa Kabwe, Kapiri Mposhi, Serenje ndi Mpika mpaka ku Nakonde. Rhodesia itadzilengeza yokha ufulu mu 1965, mafuta a Zambia ankabwera m'migolo pa malole kuchokera ku Dar es Salaam, m'matope ndi m'fumbi, ndipo madalaivala anautcha msewuwo Hell Run, ulendo wa ku gehena.

Kuvutika kumeneko ndiko kunabala paipi ya mafuta ya TAZAMA mu 1968. Kenaka kunabwera njanji ya TAZARA, yomangidwa ndi thandizo la China. Paipiyo ndi makilomita 1,710, njanjiyo 1,860.

Munadzifunsapo chifukwa chake msewu wa pakati pa Lusaka umatchedwa Cairo Road? Atsamunda ankalota njira imodzi yochoka ku Cape Town kukafika ku Cairo, ku Egypt, ndipo Lusaka ili panjira yomweyo. Lero njirayo ilipo, makilomita oposa 10,000.

Oyamba kuimaliza pa galimoto anali gulu la Chaplin Court Treatt ndi mkazi wake Stella. Ananyamuka ku Cape Town mu September 1924 pa magalimoto awiri a Crossley, nthawi zambiri akukumba, kukankha ndi kukoka m'matope. Ku Cairo anafika mu January 1926, patatha miyezi 16.

Mukafuna kuwatsanzira, kumbukirani dzanja. Kuchokera ku South Africa mpaka ku Kenya mumayenda kumanzere ngati kwathu kuno, koma mukangolowa mu Ethiopia muyenera kusamukira kumanja. Pafupi pompa, pa Kasumbalesa polowa ku Congo, ndi chimodzimodzi.

Kodi mumadziwa kuti ulendo wautali woyamba wa pa galimoto anayenda ndi mayi? Mu 1888, ku Germany, Bertha Benz anatenga galimoto ya mwamuna wake m'mamawa osamuuza, nanyamula ana ake aamuna awiri kupita kwa amayi ake ku Pforzheim. Mafuta anakagula kusitolo ya mankhwala, ndipo tsikulo anayenda makilomita 106.

Ku America zinayamba ndi kubetcha. Mu 1903 dokotala wina, Horatio Nelson Jackson, anabetcha madola 50 kuti akhoza kuyendetsa galimoto kuchoka ku San Francisco mpaka ku New York, ndipo panjira anatolanso galu n'kumuveka magalasi oteteza fumbi. Anafika patatha masiku 63.

Kumeneko kuli anthu amene tchuthi chawo chonse chimathera pa kumaliza msewu umodzi. Wotchuka kwambiri ndi Route 66, wochoka ku Chicago kukafika ku Santa Monica, makilomita pafupifupi 3,900. Boma linauchotsa pamndandanda wa misewu yake mu 1985, koma alendo sanaleke, akuuyendabe mpaka lero.

Australia ili ndi Highway 1, yozungulira dziko lonselo, makilomita ngati 14,500. Pamsewu womwewo pali chigawo chowongoka ngati chingwe, chopanda kona ngakhale imodzi. Makilomita 146 chiwongolero chili phee. Wa ku Manenekela angamve ngati nthano.

Nanga wautali kuposa yonse? Pan-American Highway, yochoka ku Alaska kutsikira kunsonga ya Argentina, makilomita ngati 30,000. Koma palibe amene angaumalize matayala ali paphula, chifukwa pakati pa Panama ndi Colombia pali nkhalango ndi madambo a Darién, makilomita ngati 100 opanda msewu, ndipo galimoto imakwera sitima yapamadzi.

Mdani wa maulendo onsewa ndi mmodzi, tulo. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Mukasinza masekondi 3 okha, mwayenda mamita 66 popanda dalaivala.

Ndiye a ku Palabana, tsiku lina mukamaliza kukama, yang'anani matayala, thirani mafuta, mupite kaye pa Kabwe Roundabout kuti pasakhale wokutsutsani. Nyamukani tambala woyamba, pumulani pa Luangwa, nsima mukadyere ku Petauke, ndipo pa Mwami mukafika kusanade. Nthochi za pa Nyimba zija mudzatigawireko.