Ofufuza asanafike pakhomo panu

Mayi wina wa kwa Kaphuka anandifunsa kuti, "Ana a ku yunivesite amene amabwera ndi mapepala kudzatifunsa za matenda ndi zokolola, amawaloleza ndani?" Nanenso kale ndinkayesa kuti kalata ya kwa DC ku Dedza ndi mawu a amfumu n'zokwanira.

Nkhaniyi imayambira kutali. Wofufuza amayamba waphunzitsidwa malamulo a kafukufuku: kusunga chinsinsi cha anthu, kusapeka zotsatira, kusaba ntchito ya mnzake. Kenako amalemba dongosolo lake n'kulipereka ku komiti yoliunika, monga COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre. Makomiti oterewa amayang'aniridwa ndi National Commission for Science and Technology. Zili ngati dalaivala wa minibasi: akhale ndi laisensi, komanso galimotoyo ipimidwe isananyamule anthu.

Kusamala konseku kuli ndi chifukwa. Ku Tuskegee, ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda odwala chindoko anamanidwa mankhwala kuti madokotala azingoonerera mmene matendawo akuwadyera.

Chimene ndimafunitsitsa anthu akumudzi atadziwa n'chakuti amfumu akavomera, si kuti inunso mwavomera. Wofufuza akufotokozereni zonse m'Chichewa musanasaine kapena kudinda chala. Mukakana, kuchipatala ayenera kukuthandizanibe monga kale.