Mlendo wa pa Jimu Timulandire Bwanji?

Abale ndi alongo a kumidzi, mu Januwale ambiri mumakhala m'munda kupalira chimanga. Khasu limakulimbitsani thupi tsiku ndi tsiku. Koma ana athu a ku Lusaka, ku Kanyama, Matero, Chawama ndi Mtendere, ambiri amakhala pansi tsiku lonse, wina pa kantemba, wina pa chiwongolero cha minibasi, wina pa makina osokera. Moyo wotere umaitana matenda a BP ndi shuga. N'chifukwa chake chaka chikamayamba, ena amalonjeza kuti ayamba kupita ku jimu.

Jimu ya m'komboni si yapamwamba ayi. Kawirikawiri ndi kachipinda kapena kuseri kwa nyumba, kumene anyamata anathira simenti m'zitini ziwiri za penti n'kulowetsa chitsulo pakati, basi chonyamula chatheka. Amayi nawo amasonkhana pabwalo m'mawa n'kumadumpha motsatira nyimbo. Vuto limabuka akalowa munthu wachilendo. Ozolowera aja amakodolana n'kumati, “Awa ndi a Januwale, pofika Febuluwale sitiwaonanso.” Nthawi zambiri sawaonanso ndithu, koma chowathamangitsa ndi kuseka komweko.

Taganizirani bambo wa zaka 45 amene ku kiliniki amuuza kuti BP yakwera. Wadzuka kusanache, wawoloka madzi a mvula amene amadzaza misewu ya Kanyama, wafika pakhomo manyazi ali tho chifukwa cha mimba yake. Akamuseka, sabweranso. Anyamatawo amaiwala tsiku lomwelo, koma matenda aja amatsala m'thupi, ndipo angathe kumugwetsa ndi sitiroko, ana ake n'kusowa wowalipirira sukulu.

Ife amene tinagwirapo choko tikudziwa kuti mwana wa Giredi 1 akanyozedwa sabata loyamba, sukulu amadana nayo chaka chonse. Wamkulu ndi chimodzimodzi. Choncho kwa inu ozolowera zitsulo tikuti, yambani ndi moni. Mufunseni dzina, mumuonetse poika chikwama ndi pomwera madzi.

Kenaka musamuyese ndi katundu wanu. Munthu amene sanazolowere amamva kuwawa kwambiri m'minofu patapita tsiku limodzi kapena awiri, monga mmene msana umachitira tikangoyamba kugalauza. Muuzeni pasadakhale kuti ululuwo umatha, apo ayi adzaganiza kuti wavulala. Muphunzitseni kupuma ponyamula, chifukwa kugwira mpweya chitsulo cholemera chili m'manja kumakweza BP mwadzidzidzi. Akamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, aleke pomwepo apite ku kiliniki. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu achite masewera otulutsa thukuta pang'ono kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Izi ndi mphindi 30 zokha pa tsiku kwa masiku asanu, ndipo kuyenda mwandawala kumawerengedwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Zida m'komboni ndi zochepa, tsono pokezanani. Mukamapuma, benchi mupatseni mlendo, osati kulikhalira mukuseweretsa foni. Foni imeneyonso musamujambule nayo kuti anthu akamuseke pa Facebook. Ndipo mayi kapena mtsikana akalowa, wabwera kudzalimbitsa thupi, sanabwere kudzafunsiridwa.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Esther Phiri anakulira ku Mtendere, akugulitsa ndiwo zamasamba kuti banja lidye. Pamene anayamba nkhonya, masewerawo anthu ankati ndi a amuna okhaokha. Mphunzitsi Anthony Mwamba anamulandira n'kumuphunzitsa, ndipo mtsikana uja anadzapambana malamba a dziko lonse, dzina la Zambia n'kumveka kutali. Akanamubweza pakhomo tsiku loyamba, bwenzi lero tisakumudziwa.

Inunso obwera kumene muli ndi mbali yanu. Funsani musananyamule, bwezerani chitsulo pamene munachipeza, perekani ndalama ya mwini malo pa nthawi yake, ndipo musadziyerekeze ndi munthu amene wakhala pamenepo zaka zisanu.

Makolo a kumudzi, mwana wanu akaimba foni kuti wayamba jimu, musamuuze kuti akutaya ndalama, mulimbikitseni. Ngati ndiye wozolowera, mufunseni kuti mwa alendo a Januwale wasunga angati kufika Malichi. Funso lomwelo tidzifunsenso ife: mtengwa amene wangofika pamudzi pathu, kapena mlendo amene wakhala pabenchi la kumbuyo m'tchalitchi osadziwa nthawi yogwada, tamupatsa moni kodi?