CIMANGA CA CUKU CIBWERERA M'MKAKA

Pokolola, alimi ambiri asankha cimanga cabwino naika m'nkhokwe, koma coola ndi ca cuku aponyera nkhuku ndi nkhumba, kapena acigayitsa kuti asanganize ndi gaga wa ng'ombe. Ati ciweto sicisankha cakudya. Nzoona sicisankha, koma zina za zimene cidya zifika m'mbale mwanu.

Cuku cina, cimene akatswiri acicha Aspergillus flavus, cimera pa cimanga ndi nshawa zosungidwa zisanaume bwino, makamaka zoboola anankafumbwe. Cuku cimeneci cipanga ululu wochedwa aflatoxin. Ululuwu unadziwika m'caka ca 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya cosanganiza ndi nshawa zocokera ku Brazil. Kuno ku Zambia, m'caka ca 2024, Boma linalengeza kuti agaru ngati 400 anafa nao atadya zakudya zopangidwa ndi cimanga coipa.

Tsono taonani ulendo wace m'thupi la ng'ombe. Ululu ucoka m'matumbo nulowa m'magazi, magazi nautengera ku ciwindi. Ciwindi ciyesa kuuswa, koma wina cingousintha pang'ono, ndipo umenewo utsikira m'bere. Ng'ombe imene yadya gaga woipa lero, mawa mkaka wace uli nao kale, cinkana ng'ombeyo ioneka yamoyo ndipo mkaka uli woyera ndi wokoma monga masiku onse. Coipitsitsa ndi ici: kuwiritsa kupha tizirombo ta matenda, koma ululu uwu suopa moto wa pamafuwa. Ndipo amene amwa mkaka kwambiri pakhomo ndiwo ana.

M'mazira ndi m'ciwindi ca nkhuku kapena nkhumba upezekanso, koma wocepa. M'mnofu ucepa koposa. Munthu sagwa tsiku lomwelo ai. Ululu uononga ciwindi cace pang'ono pang'ono kwa zaka, ndipo ukhoza kuyambitsa kansa.

Mwai ulipo. Mukaleka kupatsa ng'ombe cakudya coipaco, mkaka uyera patapita masiku atatu kapena anai. Cifukwa cace yanikani mbeu zanu pamphasa kapena pathandala, osati padothi. Folerani nkhokwe mvula isanagwe. Ndipo gaga wonunkha cuku kapena woumbika zibuma musagule, cinkana mtengo wace utsike. Cimanga coola cikwirireni m'dzenje lakuya, loti nkhumba sizingafukule.