Kanyama ka Fungo Lokoma ka m'Mapiri a Asia

M'mapiri ozizira a Himalaya, m'nkhalango za China ndi ku Siberia muli kanyama kotchedwa musk deer, kamene msinkhu wake ndi wonga wa gwape. Kalibe nyanga, koma kamphongo kali ndi mano awiri aatali otulukira kunja kwa kamwa. Kamphongoko kalinso ndi kathumba pafupi ndi mchombo, mmene mumakhala musk, chinthu chonunkhira chimene amapangira mafuta odzola ndi mankhwala achikuda a ku China.

Dzina lakuti deer ndi losokeretsa. Kanyamaka kali ndi ndulu, pamene deer weniweni alibe, ndipo akatswiri openda za chibadwa anapeza kuti abale ake enieni ndi mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe. Kali ndi banja lakelake la Moschidae. Mu 1758 Carl Linnaeus anakatcha Moschus moschiferus, ndipo kwa nthawi yaitali ena ankayesa kuti ndi mtundu umodzi wokha. Lero ambiri amawerenga mitundu 7.

Kuwerenga kumeneku si nkhani ya m'mabuku chabe ayi. Zikawerengedwa ngati mtundu umodzi, kuchuluka kwa za ku Siberia kumabisa kutha kwa za ku Kashmir kapena za m'chigawo cha Anhui. Bungwe la IUCN likuti mitundu 6 ili pangozi yaikulu yakutheratu. Wa ku Siberia wokha ndiwo uli pangozi yocheperako.

Chimene chikuzitha ndi kathumba kaja, kamene mumakhala musk wa magalamu pafupifupi 25 okha. Alenje amatchera makhwekhwe m'tinjira ta nyamazi, koma khwekhwe silisankha. Limakola zazikazi ndi ana omwe, zimene zilibe musk nkomwe, kotero kuti zingapo zimafa chabe pofuna yamphongo imodzi.

Pangano la CITES, limene linayamba kugwira ntchito mu 1975, limaletsa malonda a pakati pa maiko a nyama za ku Afghanistan, Bhutan, India, Myanmar, Nepal ndi Pakistan, koma limalola malonda a za kwina ngati pali chilolezo. Vuto nlakuti musk wouma sasonyeza kumene wachokera. Ku China anayamba kuziweta mu 1958, ndipo kumeneko amatapa musk ndi kasupuni nyama ili yamoyo, koma zimavuta kuweta chifukwa ndi zamantha ndipo zimadwaladwala m'khola.