Za Kusamala Galimoto Yakale M'dziko la Madzi ndi Matope

Inu abale athu a ku Limphasa ndi a m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja kufikira ku Chintheche, mudziwa bwino kuti dziko lathu lino ndi la mvula yambiri. Dzinja likafika, dambo lidzala madzi, ndipo njira zopatuka pa msewu wa phula kulowa ku minda ya mpunga zisanduka matope okhaokha. Masiku amenewo magalimoto aang'ono alephera, koma imene ipita ndi yakale ija yokoka ndi miyendo yonse inayi, Land Rover kapena Land Cruiser. Ndiyo itulutsa matumba a mpunga. Ndiyonso inyamula mayi amene nthawi yake yakwana pakati pa usiku, kunka naye kuchipatala ku Nkhata Bay. Ikafa panjira usiku wotere, chotayika si ndalama zokha iai. Nchifukwa chake tifuna kukamba ndi eni ake ndi anyamata owathandiza.

Tinene za Land Rover. Yoyamba inapangidwa ku England m'chaka cha 1948. Mtundu wotchedwa Series III unapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985, ndipo Defender ya maonekedwe akale aja inaleka kupangidwa mu 2016. Chotero zimene zili pakati pathu ndi nkhalamba, ndipo chitsulo chake chikathyoka, munthu achifunafuna ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Koma ubwino wake ndi uwu: anaipanga yosavuta, kotero kuti mlimi wokhala ndi masipanala ochepa akhoza kuisamala yekha pakhomo.

Mdani wake wamkulu kwathu kuno ndi madzi. Pamene anaipanga poyamba, chitsulo chinali chosowa chifukwa cha nkhondo, ndipo thupi lake analipanga ndi aluminiyamu, amene sachita dzimbiri. Koma chasisi, ndicho msana umene usenza zonse, ndi chachitsulo. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto ioneka yokongola kunja, pamene matope onyowa akhala m'makona a chasisi nadya chitsulo pang'onopang'ono. Tsono mukabwera ku ulendo wa matope, tsukani kunsi, tsegulani timabowo totulukira madzi ndi kawaya, ndipo gogodani chasisi ndi hamala, makamaka kumbuyo ndi pamene pagwira masipuling'i. Chitsulo chabwino chilira ngati belu. Chowola chingoti phu.

Chachiwiri ndi oyilo. Ambiri ayang'ana wa mu injini yekha, naiwala kuti pa Series III kunsi kuli malo ena 6 ofuna oyilo wolemera wa nambala 90: giyabokosi, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, madifu awiri, ndi mipira iwiri yachitsulo pamene miyendo yakutsogolo ikhotera. Ponseponse pali bawuti yapambali; mukaimasula, oyilo ayenera kufika pakamwa pa bowolo. Taonani chimene chichitika powoloka: difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati mwake ufinyika, ndipo iyamwa madzi. Oyilo wosakanizika ndi madzi aoneka ngati tiyi wamkaka. Mukaona chotero, mkhetseni tsiku lomwelo, pakuti mukazengereza mano a magiya adzadyana, ndipo mudzalipira kochuluka koposa mtengo wa malita awiri a oyilo.

Musanawoloke, tsikani muyese madzi ndi ndodo. Akapitirira m'maondo, dikirani aphwe. Pansi pa chikuto cha kilachi pali kabowo kamene katsekedwa ndi kabawuti powoloka, kuti matope asalowe. Mukafika kwanu mukachotsenso, kuti oyilo wodontha asaunjikane m'menemo. Mukatuluka m'madzi, yendani pang'ono mukuponda mabuleki mopepuka kufikira auma, pakuti mabuleki onyowa sagwira, ndipo m'njira zathu muyenda ana.

Kumbukiraninso ichi. Pa Series III, ndodo ya mutu wachikasu ndi ya mutu wofiira ndizo zikoketsa miyendo yonse inayi, ndipo ntchito yake ndi ya m'matope ndi mumchenga. Mukakwera pa phula, bwezerani galimoto ku miyendo iwiri. Mukapanda kutero zitsulo zipotana, ndipo shafiti idzathyoka popanda kukuchenjezani.

Tikupemphani, abale, musalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yekha, makamaka pa dothi lonyowa. Tchingani matayala ndi miyala, ikani zipika zolimba pansi pa chasisi, ndipo ana aime patali. Musatsegule chivindikiro cha rediyeta injini ili yotentha, kuopa kupsa ndi nthunzi. Oyilo wakutha musamtaye m'ngalande, pakuti madzi omwewo athirira mpunga wa anansi anu, natsikira kunyanja kumene tipeza ndiwo. Msungeni m'chigubu; adzathandiza kupaka zitsulo kuti zisachite dzimbiri.

Komatu si ntchito zonse zili za pakhomo. Pampu ya dizilo, m'kati mwa giyabokosi, chiwongolero chogwedera, ndi mabuleki otaya mafuta, zimenezo mupite nazo kwa makaniko wodziwa. Safunsa anadya phula. Khalani pambali pake pamene agwira ntchito, mufunse, ndipo mwana wanu aonerere.

Potsiriza tikulangizani mugule kabuku, mulembemo tsiku lililonse limene mwathira oyilo kapena girizi. Loweruka m'mawa, dzuwa lisanatenthe, patulani ola limodzi, muyale thumba pansi, muyang'ane zonse tanenazi. Ndipo ntchito zazikulu muzichite m'chilimwe, mu September ndi October, nthaka ikali youma, kuti mvula yoyamba ikapeze galimoto ya m'mudzi mwanu ili yokonzeka.