Fani ya kompyuta ikamabangula ku Mlare, musathamangire kudula waya

Okutobala akafika ku Mlare, m'mbali mwa msewu wa M1 kummwera kwa tauni ya Karonga, malata amatentha moti pofika masana munthu sangakhale m'nyumba chitseko chili chotseka. Iyi ndi nyengo imene makompyuta a m'timashopu tobenera nyimbo ndi tosindikizira makalata amayamba khalidwe lachilendo. Kompyuta ili phee, mwadzidzidzi fani yabangula ngati lole yokwera mapiri a Chiweta. Patapita kanthawi yatonthola. Mwini wake asanapume n'komwe, yayambanso.

Ambiri mwa makompyutawa ndi akaunjika, ma Dell OptiPlex ndi ma HP Compaq amene anakalambira m'maofesi ozizira a kunja asanafike kunyanja kuno. Akayamba phokosoli, chiweruzo chimagwa msanga: fani yatha. Ena amagula ina, ena amangoizula waya kuti makasitomala amve bwino nyimbo. Oyambawo nthawi zambiri amangotaya ndalama. Achiwiriwo ndiye akuiphera dala kompyutayo.

Fani sichita zam'mutu mwake. M'kati mwa purosesa muli kachipangizo koyeza kutentha, ndipo motherboard ikaona kuti kutentha kwakwera imalamula fani kuti ithamange. Mapurosesa ambiri a Intel akayandikira madigiri 100 amadzichepetsa okha liwiro, zikakanika kompyuta imazima yokha kuti isapse. Ndiye musanagwire sikuludiraiva, dziwani kaye ngati kompyutayo ikutenthadi.

Tsegulani Task Manager podina Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi, kenako dikirani fani ibangule. Ngati pa nthawi yomweyo ntchito ya purosesa yalumphira pa 90 kapena 100 peresenti, onani pulogalamu imene ili pamwamba. Kawirikawiri ndi Windows Update kapena antivayirasi ikusanthula mafayilo, ndipo zimenezi zimatha zokha. Koma kompyuta yobenera nyimbo imalandira mafulashi ndi mamemore khadi a mudzi wonse, choncho mavayirasi sasowa. Ena mwa iwo amagwiritsa ntchito purosesa yanu mwakabisira, kukumbira munthu wa kutali ndalama za pa intaneti, magetsi mukulipira ndinu.

Ngati purosesa sikugwira ntchito yambiri, ikani pulogalamu yaulere ngati HWMonitor kapena Core Temp muone madigiri. Kompyuta yongokhala, koma ikuwerenga 70 kapena 80, kawirikawiri ndiye kuti mphepo sikudutsa.

Apa m'pamene Karonga amaonetsa mphamvu zake. Fumbi la chilimwe limalowa ndi mphepo imene fani imakoka, n'kukamatirira pa zipsepse za chitsulo choziziritsa purosesa mpaka kuundana. Onjezani nkhungu zochokera kunyanja, mphemvu zofuna pofunda, ngakhale nalimata wofera pakona. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe kukhoma, itulutseni panja. Popemerera ndi bulowa kapena mpope wa njinga, gwirani mapiko a fani ndi chala kuti asazungulire, chifukwa kuizunguza mopyola muyeso kumaononga mabering'i ake. Kabulashi kofewa kamamaliza zotsalazo. Bokosi la pawa sapulai lipemerereni kunja kokha, musalitsegule: m'kati mwake mumatsalira magetsi otha kukugwirani ngakhale chingwe mutazula.

Pakati pa purosesa ndi chitsulo chija pamakhala phala lotuwa, thermal paste, lothandiza kuti kutentha kuwoloke. Pa kompyuta ya zaka khumi limakhala litauma n'kusweka, ndipo chizindikiro chake n'chakuti madigiri amalumpha msanga mukangotsegula pulogalamu yaing'ono. Pukutani lakalelo ndi sipiriti, mudonthezepo latsopano lochepa, kukula kwa nsawawa imodzi. Anyamata ena amapakapo mankhwala otsukira mano. Amenewo amauma posachedwa, vuto n'kubwerera lili ndi ana.

Chozunguza mutu kwambiri ndi pamene madigiri ali bwinobwino, mwina 40 kapena 50, koma fani ikubangulabe. Fani zambiri za purosesa zili ndi mawaya anayi: awiri a magetsi, wachitatu wouza motherboard liwiro limene fani ikuzungulira, wachinayi wolandira lamulo la liwiro. Fanizi zinapangidwa kuti lamulo likasowa zizithamanga ndi mphamvu zonse, poti phokoso ndi labwino kusiyana ndi purosesa yopsa. Choncho kapulagi kakangokhwefuka, monga zimachitikira kompyuta ikanyamulidwa pa kabaza, fani imabangula n'kusiya, kubangula n'kusiya. Kazuleni, kapemerereni, mukabwezeretse mpaka kakhazikike.

Makompyutawa amanena okha chimene chikuwavuta, kungoti timadina F1 tisanawerenge. Uthenga umene umatuluka poyatsa umatchula ngati ndi fani ya purosesa kapena ya bokosi. Pa HP, nambala 511 ndi ya fani ya purosesa, 512 ndi ya bokosi. Ma OptiPlex ena ali ndi kachipangizo koyeza kutentha kwa mphepo kutsogolo kwa bokosi, ndipo kawaya kake kakachoka fani simapuma. Pa Dell, kudina F12 poyatsa kumakufikitsani pa mayeso amene amaizunguza fani payokha n'kukuuzani ngati ili bwino.

Kuzimazima kwa magetsi kumaulula vuto linanso. Pa motherboard pali kabatire kozungulira, CR2032, ka mavoti 3. Kakatha, nthawi iliyonse magetsi akapita kompyuta imaiwala zimene munasankha mu BIOS, kuphatikizapo za fani. Mudzadziwira pa tsiku ndi nthawi: zimabwerera m'mbuyo.

Fani yathadi ngati ikukhwekhwereza, ikugwedera mukaigwira, kapena ikufuna kukankhidwa ndi chala kuti iyambe. Pokagula ina nyamulani yakaleyo, chifukwa ma Dell ambiri ali ndi kapulagi kawokawo ka mabowo asanu kamene sikagwirizana ndi fani wamba.

Inu a mashopu, ichotseni kompyuta pansi pamene fumbi limasonkhana, muiike pa tebulo, kumbuyo kwake kusakhudze khoma, ndipo kansalu koifunditsa kazichoka ikamagwira ntchito. Ipemerereni kutentha kwa Okutobala kusanayambe.